Lamba wa Makina Anga

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka lero m'mawa, wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Pepala lina ndilibe, ndiye ndikulemba kumapeto kwa buku langa la miyezo ya makasitomala. Kutsogoloku kuli ziuno ndi mapewa a anthu, kumbuyoku kukhala mwendo wanga.

Ndine telala, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa makina opalasa ndi mapazi. Mwendo wakumanzerewu unayamba kutupa zaka zinayi zapitazo, atandichita opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero. Khansayo inatha, tithokoze Mulungu. Koma anachotsera limodzi timaanabere ta m'mphechepeche, ndipo chichokereni timeneto madzi a m'mwendomu alibe kolowera. Ndinali nditauzolowera. Ndiye Lamlungu lapitali unangofiira, n'kutentha ngati simbi ya makala, ine mano gwegwegwe masana dzuwa likuswa mtengo.

Adokotala a magalasi akuti mwalowa tizilombo pansi pa khungu. Atenga cholembera n'kulemba mzere kuzungulira pofiirapo. Akuti kufiirako kukadutsa mzerewo ndiitane msanga. Andiika diripi ndi mankhwala a m'mitsempha, ndipo mwendo auika pa mapilo awiri.

Kenako aloza pansi pa bondo, pamene pali mkwingwirima wozungulira mwendo wonse ndi kachilonda kumbuyo kwake. "Nanga apa chakudyani n'chiyani, mayi?"

"Kaya, adokotala."

Ndanama. Ndikuchidziwa bwinobwino, ndipo chili m'kathumba ka m'kati mwa chikwama changa.

Tepi yanga ndabwera nayo. Pa katumba: mainchesi 19 ndi theka. Pa akakolo: 13. Mwendo wabwinowu ndi 14 ndi 9.

Lachitatu, 5 Juni

Thupi latentha mpaka 39. Mankhwala katatu. Chakudya sichikulowa. Kufiira kuli pa mzere penipeni, sikunadutse. Ndikuchita mantha.

Lachinayi, 6 Juni

Thupi lazizirako. 19 ndi theka, 13.

Kwabwera mwana wanga wamkazi. Ndi mmodzi yekhayo, ndipo ndimamutcha Abwana chifukwa chiyambire kuyankhula amangolamula. Wabweretsa tiyi wa mu fulasiki, mazira awiri owiritsa ndi malalanje. Wandidikira kuti ndimalize dzira, kenako wapisa m'chikwama chake cha ku ofesi.

"Amayi, ichi mukuchidziwa?"

Ndingalephere kumudziwa? Lamba wa makina anga, wachikopa uja, atamupindapinda.

"Iwe, wamuchotseranji?"

"Kuti musadzapalasenso. Makina aja ndi amene akukupherani mwendo. Tsiku lonse gwedegwede, gwedegwede, mwendo uli lende. Ndayankhula kale ndi amalume. Loweruka la pa 15 abwera ndi galimoto kudzawatenga. Akazi awo akhala akuwafuna kuyambira kale."

Abale inu! Mlamu wanga uja, woti kulowetsa ulusi pa singano amaitana aneba! Makina amene ndinawaphunzira mawu ake onse, oti akangosintha kaliridwe ndimadziwa pofuna mafuta. Bambo ake a mwanayu atatichokera, makina amenewa ndi amene anatsala nafe m'nyumba. Ndinafuna kukalipa, koma mphamvu ndinalibe, ndipo pakamwa panali podzaza ndi bodza langa lija. Ndangotembenukira kukhoma. Lamba wabwerera m'chikwama, zipi tseke.

Masiku asanu ndi anayi.

Lachisanu, 7 Juni

Kufiira kwabwerera m'mbuyo, pakati pa mzere ndi pofiira pakukwana chala chimodzi. Sisitala wamfupi, amene amayenda ngati wachedwa basi, waombera m'manja. 19, 12 ndi theka.

Bedi la kumanja kwangaku kuli Aphunzitsi. Anapuma ntchito kalekale koma kuchonga sanasiye. Ali ndi chilonda cha shuga kuphazi, mwezi wachiwiri tsopano. Chilichonse amachipatsa malikisi mokweza. Phala la m'mawa 3 pa 10. Sisitala wamfupi 8. Adokotala a magalasi 6, akuti amayankhula ndi faelo osati ndi munthu. Ine andipatsa dzina lakuti Mayi Tepi.

Poti buku ili ndi langa, ndilembe zoona. Mwezi wa Malichi mwendo unayamba kulemera kwambiri. Ndinamvapo kuti pali masokosi othina othandiza kutupa. Ndiye ndinati, ine telala wathunthu ndikafunse kwa ndani za chinthu chothina? Ndinatenga lasitiki wamkulu wa m'chiuno, wa mainchesi awiri uja, ndinamupinda pawiri, n'kumusoka bwinobwino ndi mizere itatu. Ndinkamuvala pansi pa bondo, m'kati mwa siketi yaitali. Nzeru zanga zinali zakuti madzi akuchokera kumtunda n'kumatsikira kuphazi, ndiye ndikamanga pa bondo sadutsa. Poyamba ndinkamva ngati mwendo wagwirika. Kenako phazi linayamba kukana silipasi. Ine m'malo momuvula, ndinamubweza inchi imodzi kuti athine bwino. Anandidya khungu kumbuyo kwa bondo, ndinangoikapo kansalu. Ndinamuvula m'bafa Lachiwiri, mwana wanga akugogoda kuti galimoto yafika.

Palibe amene akudziwa. Ndili ndi manyazi kuposa ululu.

Loweruka, 8 Juni

18 ndi theka, 12 ndi theka. Ndadya mpunga wonse. Ndayenda ndekha mpaka ku bafa, nditagwira chitsulo cha diripi.

Lamlungu, 9 Juni

Alendo tho. Aliyense dokotala. Wina akuti ndiziuthowa ndi madzi otentha kwambiri. Wina akuti aubowole madziwo atuluke. Wina ali ndi mapiritsi okodzetsa a amuna ake, andibweretsera. Sisitala wamfupi anali pafupi akukonza bedi, wangoti, "Zitatu zonsezo ayi. Mukufuna chowabweretsera? Nthochi basi."

Kwabweranso mlamu wanga ndi mkate. Wandifunsa za mwendo kamodzi. Kenako, "Alamu, kodi masingano aja ndi kabotolo ka mafuta mumasunga pati?" Ndili moyo, maso ali gwa! Ndamuyankha kuti ndaiwala, matendawa aononga mutu. Atatuluka, Aphunzitsi anati, "Ameneyo 2 pa 10. Awiriwo ndi a mkate."

Lolemba, 10 Juni

18, 12. Kufiira kwatsala pang'ono pa msongolo.

Lero kwabwera mayi wa mafizo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo. Wodi yonse imangoti a Mafizo. Ndi wamtali, wa manja ozizira, ndipo ndi woyamba kukhala pansi pa mpando n'kuugwira mwendowu osanyansidwa nawo. Waona tepi yanga, waseka. "Ine ndimayeza masentimita, inu pitirizani mainchesi anuwo. Koma muziyeza pamodzimodzi tsiku lililonse, m'mawa musanatsike pabedi." Ndati mayi, zoyezazo musandiphunzitse.

Zimene wanena ndilembe ndisaiwale. Kutupaku sikudzatheratu, koma kumamvera munthu akamakusamala. Khungu ndilo mpanda: likang'ambika pena paliponse, tizilombo timalowa. Kutsuka tsiku lililonse ndi sopo wosanunkhira ndi madzi ofunda pang'ono. Kupukuta modinda, osakhula, makamaka pakati pa zala. Wandipeza ndi linyetsu pakati pa chala chachinayi ndi chachisanu, wandipatsa kirimu wake. Kudzola mafuta mwendo wonse koma pakati pa zala ayi. Osayenda wopanda nsapato. Zikhadabo kuwenga mosamala, osati ndi lezala. Ndikakhala pansi, mwendo pa mpando. Ukadzangofiira kapena thupi kutentha, kuchipatala tsiku lomwelo.

Wasisita mkwingwirima uja ndi chala, wandiyang'ana.

Lachiwiri, 11 Juni

Diripi achotsa. Tsopano mapiritsi, kanayi pa tsiku. Adokotala alola kuti a Mafizo ayambe kumanga mabandeji.

Ntchito yake ndi iyi. Choyamba kupuma mozama kasanu, mpweya ufike m'mimba. Kenako kusisita mopepuka kwambiri, ngati ukusalaza nsalu ya silika, kuyambira kumtunda, kenako ntchafu, kumalizira phazi, dzanja likulowera kumtunda nthawi zonse. Ndiye kabandeji kakang'ono chala chilichonse, sokosi yopyapyala, thonje, ndi mabandeji anayi osatamuka kwambiri kuchokera kuphazi mpaka m'ntchafu. Mzere uliwonse umaphimba theka la unzake. Ntchito yaukhondo, ine ndemwe sindikanaipezera chifukwa.

Ndamufunsa chifukwa chake akulimbitsa kuphazi n'kumalekerera akamakwera.

"Madziwa tikufuna akwere, mayi, abwerere m'thupi. Ndiye pansi timathinitsa, kumtunda timatsegula njira. Mukathinitsa kumtunda kokha mwatseka khomo, madzi onse atsalira kuphazi."

Mayo ine! Miyezi itatu ndakhala ndikutsekera madzi m'nyumba, ine n'kumati ndawatsekera kunja. Mwendo tsopano ukuoneka ngati mtolo wa nsalu, koma m'kati mwake mukumveka bwino.

Lachitatu, 12 Juni

Atamasula: 17 ndi kota, 11 ndi theka. Usiku umodzi wokha! Ndayeza kawiri, ndimaganiza kuti tepi yatamuka.

Atamanganso, a Mafizo anati tiyambe zolimbitsa thupi. Anandikhazika m'mphepete mwa bedi. "Chidendene pansi, zala m'mwamba. Tsopano zala pansi, chidendene m'mwamba. Pang'onopang'ono, kakhumi."

Ndachita kamodzi, kawiri, kenako mapazi anangopita okha, onse awiri, mpaka manja anga kufuna nsalu pa maondo. Ndinaphulika kuseka.

"Mayi, uku ndiye kupalasa makinatu uku!"

Anandifunsa kuti makina ake otani. Ndinamufotokozera zonse, za lamba, za Loweruka, za mlamu wanga. Anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti katumba akamagwira ntchito m'kati mwa bandeji kapena sokosi yoyenera, amakankhira madzi kumtunda. Kupalasako si mdani. Mdani ndi kukhala maola asanu osadzuka, mwendo uli lende, wosavala kanthu. Akuti ndingathe kusoka, bola ndivale sokosi, ndizidzuka pafupipafupi n'kukweza mwendo.

Ndinafuna kumukumbatira. Koma anapitiriza. "Mwana wanu ndingamuuze zimenezi. Koma adzandifunsa kuti nanga chinakulitsa kutupa mwadzidzidzi n'chiyani, chilonda cha kumbuyo kwa bondo chinachokera kuti. Ndidzayankha chiyani?"

Ndinatsegula kathumba kaja n'kumupatsa lasitiki. Anamutembenuza, anamukoka, anayang'ana msoko.

"Mwasoka nokha?"

"Ndekha."

"Kusoka kokongola bwanji. Mukanasoka moipa bwenzi ataduka sabata yoyamba n'kukupulumutsani."

Sanandikalipire. Akuti sindine woyamba, ena amamanga ndi chingwe, ena ndi mpira wa njinga. Akuti tizilombo mwina tinalowera pa chilondacho, mwina pa linyetsu, palibe angalumbire. Akuti adokotala akawauza iye mwini. Koma mwana wanga ndimuuze ndekha.

Lachinayi, 13 Juni

17, 11 ndi kota.

Makatani a m'wodi satseka makutu. Aphunzitsi anamva zonse dzulo. "Mayi Tepi, mumuuza liti?" Ndati ndikuyembekeza mpata wabwino. "Mpata wabwino ndi Loweruka galimoto itanyamuka eti?"

Abwana anabwera masana, atatopa, maso ali psu. Anandisendera lalanje, anandikonzera mapilo. Ndinatsegula pakamwa katatu. Kachitatuko ndinamufunsa ngati akuthirira maluwa. Moyo wanga wonse mwanayu wakhala akundidziwa kuti manja a amayi salakwitsa. Yunifolomu yake yoyamba, diresi lake la tsiku lomaliza sukulu, zonse ndi manja awa. Ndiyambire pati kunena kuti manja omwewa ndi amene andigoneka pano?

Atapita, Aphunzitsi sanandipatse malikisi. Anangotembenuka. Zinandipweteka kuposa ziro.

Lachisanu, 14 Juni

Ndamuuza.

Sindinadikire kuti akhale pansi. Ndinaika lasitiki pa bulangeti n'kunena zonse mwakamodzi, ngati mankhwala owawa. Ndinati si makina, mwanawe, ndi ine. Makinawo analakwa chimodzi chokha, anandimvera.

Anamutola ndi zala ziwiri.

"Miyezi itatu, amayi? M'nyumba imodzi, ine ndikukufunsani m'mawa uliwonse kuti mwendo uli bwanji, inu n'kumati uli bwino?"

"Ndinkaopa kuti undiletsa."

"Ndikanakuletsani, inde!" Mawu anakwera mpaka sisitala wamfupi anasuzumira. Kenako anatsika. "Nthawi ya khansa ija ndinali ndi zaka makumi awiri. Ndinkakusambitsani ine. Ndinkaima pakhomo kumvetsera ngati mukupuma. Lamlungu lija mukunjenjemera ndinati zabweranso. Mukuganiza kuti makinawo ndimadana nawo? Ndinafuna chinthu choti ndichichotse m'nyumba, kuti inu mutsale."

Ndinalira. Iyenso analira, koma ataima patali. Ndinati pepa mwana wanga, ndinalakwa. Mawu amenewa sindinamuuzepo chibadwire chake. Ndinamuuzanso zimene ananena a Mafizo za kupalasa. Anangoti, "Ndamva." Anaika lasitiki m'chikwama momwe muli lamba, n'kutuluka osatsanzika.

Miyezo ndaiwala kulemba. 16 ndi theka, 11.

Loweruka, 15 Juni

Lero ndi tsiku la galimoto. Foni ili phee. Sanabwere, sanaimbe. Ine sindiimba, ndilibe nkhope.

Ndachita mafizo anga onse. Ndapalasa mphepo kakhumi katatu. Aphunzitsi andigawira theka la apozi wawo.

Lamlungu, 16 Juni

16 ndi theka, 10 ndi theka. Sanabwere. Ndayenda khonde lonse kawiri ndi mabandeji, nditavala nsapato yaikulu ya zomata imene andibwereka. Ndimaganiza za ngodya ya pabalaza paja, ngati patsala zipsera zinayi za miyendo ya makina pa simenti.

Lolemba, 17 Juni

Ndikusamba m'maso m'mawa, ndangoona Abwana ali pakhomo, atavala za ku ofesi, kope ndi cholembera m'manja. Wapempha tchuthi cha theka la tsiku. Wandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo, n'kukhala pansi kudikira a Mafizo.

Mafunso ake, kalanga ine, ngati ku khoti. Asoke mphindi zingati? Apume zingati? Mpando wake utalike bwanji? Singano ikagwa pansi n'kuwabaya? Kukatentha? Akakana kumvera? A Mafizo anayankha limodzilimodzi: mphindi makumi awiri poyamba, kenako kudzuka, kuyenda, mwendo pa mpando mphindi khumi. Nsapato zotseka nthawi zonse pa makina, mapini m'kabokosi osati pansi. Funso lomalizalo anati, "Limenelo mukambirane nokha."

Kenako anamuphunzitsa kumanga. Koyamba anathinitsa pa bondo, a Mafizo anamumasulitsa. Ine pakamwa pananditsekuka pokha: "Iwe, kumtunda timalekerera." Anandiyang'ana. "Amayi, inu ndiye mundiphunzitse zimenezo?" Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Nayenso pakona ya mlomo panagwedezeka pang'ono. Kachiwiri anamanga bwino, mizere yofanana, theka pa theka. Manja ake ndi anga ndithu.

Za makina sananene. Inenso sindinafunse.

Lachiwiri, 18 Juni

16 ndi kota, 10 ndi theka. Chilonda cha kumbuyo kwa bondo chauma. Linyetsu likutha. Ndadzisisita ndekha a Mafizo akuonerera, akuti ndimafulumira ngati kasitomala akudikira panja.

Lachitatu, 19 Juni

16, 10 ndi kota. Silipasi yanga yalowa!

Andiyeza sokosi yeniyeni. Anayeza malo asanu, ine n'kumati telala wayezedwa lero. Ndi yolimba, yofika m'ntchafu, yothina pa akakolo n'kumamasuka ikamakwera. Kuvala kwake ndi nkhondo: kuitembenuza mpaka pa chidendene, kulowetsa phazi, kuikweza pang'onopang'ono ndi magolovesi a mphira, osasiya khwinya ngakhale limodzi, ndipo kumtunda osaipinda. Kuvala m'mawa mwendo usanadzuke, kuvula pogona. Ndatuluka thukuta koma ndavala ndekha. A Mafizo anandiloza ndi chala. "Ikadzakula, mubwere nayo kuno. Osaibweza pa makina." Ndalonjeza pamaso pa wodi yonse.

Adokotala a magalasi akuti mawa nditha kutuluka. Mapiritsi ndimalize, ndidzabwerenso pakatha milungu iwiri. Anati, "Mwendowu mukhala nawo choncho moyo wonse, mayi." Ndati ndikudziwa, adokotala, koma tsopano ndikudziwa chinenero chake. Lero anandiyang'ana ine osati faelo. Aphunzitsi awakweza kufika pa 7.

Nawonso chilonda chawo chayamba kutseka m'mphepete. Ndawayeza mapewa ndi chiuno ali chigonere, ndalemba kutsogolo kwa bukuli. Akufuna diresi lodzatulukira. Sindinawauze kuti mwina ndilibe posokera. Ine andipatsa 6. "Anayiwo ndadula chifukwa chochedwa kupereka yankho."

Lachinayi, 20 Juni

Ndikulemba ndili kunyumba, mwendo pa mpando.

Njira yonse m'galimoto tinakamba za mapiritsi ndi sopo. Pakhomo ndinachedwa dala, kupukuta nsapato zoti n'zoyera kale. Kenako ndinalowa.

Makina ali pomwe paja, pa ngodya, atafunditsidwa nsalu yawo. Pambali pake pali zinthu zimene kunalibe: kampando kokhala ndi pilo pamwamba, kabokosi ka mapini, ndi wotchi ya kukhitchini ija yolira.

"Amalume anabwera Loweruka," anatero Abwana kumbuyo kwanga. "Ndinawaphikira tiyi. Akazi awo sakundiyankhula."

Anatsegula chikwama. Choyamba anatulutsa lasitiki n'kumuika pa tebulo. "Uyu mumumasule pamaso panga. Kwawo ndi m'chiuno mwa siketi." Ndinatenga lumo, ndinatungula mizere yonse itatu. Inalimba zedi.

Kenako anatulutsa lamba. Sanandipatse. Anagwada yekha pansi pa makina, ndi siketi yake ya ku ofesi, n'kuyamba kumukoleka pa gudumu. Anaphonya kawiri. Ndinamuuza kuti ayambe kumtunda, azungulitse gudumu ndi dzanja. Lamba anangoti khwethe, kulowa m'malo mwake.

Anaimirira, anapukusa wotchi ija mpaka pa mphindi makumi awiri.

"Ikalira, mudzuka. Osati ndimalize kaye mkono, osati kasitomala akudikira. Ndipo mwendo ukadzasintha pang'ono pokha, woyamba kumva ndi ine."

"Ndamva, Abwana."

"Palasani, amayi."

Ndinaika kansalu kotsala, mapazi onse awiri pa chopondera, mwendo wamanzerewu uli m'sokosi yake. Chidendene pansi, zala pansi. Gwedegwede, gwedegwede. Mawu ake ndi omwe aja. Nditacheuka ndinamuona ataima pakhomo la kukhitchini, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"M'nyumba muno munali zii," anatero.

Wotchi inalira ndili pakati pa msoko. Singano ndinaisiya ili m'nsalu, ndinadzuka.

16, 10 ndi kota. Mawa ndidula diresi la Aphunzitsi.